Vitumbiko, ndisankhire gemu imodzi

Mzuzu, Chibavi

Wokondedwa Vitumbiko,

Ndikhulupirira uli bwino ku Johannesburg kumeneko. Kuno kuzizira kwafika, ndipo kamvula kowaza kaja sikakusiya. M'mawa chifunga chikumaphimba msewu wa ku Katoto mpaka ma minibasi kuyenda atayatsa nyali. Ndikaweruka ndimangofikira m'nyumba, bulangete m'miyendo, tiyi pambali, n'kuyatsa makina a magemu a PlayStation 4 unandisiyira aja. Nkhani yanga ili pomwepa.

Katoni yako ya madiski ikadali pansi pa tebulo la TV. Loweruka ndinawawerenga, alipo 23, kuphatikizapo anayi amene ndagula ndekha chichokereni iwe. Ndimawayala pamkeka, kutola iyi, kuwerenga kumbuyo kwake, kuibweza, kutola ina. Ola limatha chonchi. Pamapeto pake ndimaika gemu ya mpira ya FIFA 23, kusewera kawiri ndi kompyuta, n'kukagona mtima uli wosakhutira.

The Witcher 3 ndaiyamba katatu. Ulendo womaliza ndinapha chilombo chamapiko chija ku White Orchard, ndinafika kumadambo a ku Velen mpaka kukumana ndi Bloody Baron. Kenaka kuntchito kunachuluka zochita, panapita mwezi. Pobwerera ndinapeza zala zaiwala mabatani, ndipo sindinkakumbukanso kuti Geralt, mwini nkhaniyo, akufunafuna ndani m'madambo amenewo. Gemu ya 2015 imeneyi ndi yokoma kwambiri, koma imafuna munthu woti aziibwerera tsiku ndi tsiku.

Red Dead Redemption 2 yokha inadya pafupifupi 100 GB pamakina a 500 GB, moti ndinafufuta magemu atatu kuti ilowe. Ndinayenda ndi Arthur Morgan m'chipale chofewa kumayambiriro kuja, pang'onopang'ono, hatchi ikuzama m'miyendo. Tsiku lina ndili pakati pa mishoni magetsi anazima, ndipo chiyambire pamenepo sindinaibwerere. Elden Ring ndisanene zambiri, mdani wamphamvu uja Margit wandigonjetsa mokwanira. Ghost of Tsushima ndiye sindinaiyike n'komwe, ngakhale nkhani ya Jin Sakai ndi nkhondo ya a Mongol ya 1274 imandikoka ndikangoona chikuto.

Poyamba ndinkati vuto ndi nthawi, kapena mayunitsi a magetsi, kapena bandulo yodawunilodera zokonza magemuwa. Zonsezo zilipodi. Koma dzana, nditagwira diski ya God of War, ndinakumbukira mmene tinkachitira kwanu ku Luwinga. Padi yosewerera inali imodzi, ukafa umapatsa mnzako. Tinkakangana kuti tiike iti, iwe n'kupambana mkanganowo nthawi zambiri, ndipo ikalowa inali yomweyo mpaka mayi ako atatiitanira nsima. Kusankha sikunkavuta chifukwa tinali awiri. Pano ndikapha chilombo chachikulu ndimatembenuka kuti ndikuuze, n'kupeza mpando wokha. Ndiye mtima umagwa ulesi kuyamba ulendo wa maola ambirimbiri wopanda woti ndizimufotokozera.

Chonde, aise, ndisankhire imodzi. Imene unganene ndidzaika yomweyo, katoni n'kuitseka ndi tepi, n'kuikweza pamwamba pa wadiropu mpaka nditamaliza. Ineyo mtima ukupendekera ku God of War ya 2018, ija Kratos ndi mwana wake Atreus anyamula phulusa la mayi wa mwanayo kupita nalo pamwamba pa phiri. Ndi yaifupi poyerekeza ndi zinazo, ndipo nkhani ya bambo wosadziwa kulankhula ndi mwana wake ukudziwa chifukwa chake imandikhudza. Koma ukanena ina sindikana.

Ngati kumene ukukhalako kuli makina, uiyambenso nawe. Tizisewera Lachisanu madzulo, aliyense kwake, Loweruka n'kutumizirana mawu pa WhatsApp kuti wafika pati. Koma usandiuze zakutsogolo, paja iwe sutha kusunga chinsinsi cha gemu.

Mayi ako ndinakumana nawo mumsika sabata yatha akugula nthochi, ali bwino ndipo akuti uziwaimbira pafupipafupi. Ndiyankhe lisanafike Lachisanu.

Ndine mnzako,
Wanangwa