Lipoti la msonkhano wa oyang'anira malaibulale

A Wapampando ndi mamembala anzanga a komiti,

Ndabwerako kumene munandituma kuja, ndipo malisiti a ulendo ndi malo ogona ndapereka kale kwa msungichuma. Tsiku loyamba linathera malonje ndi zolankhula za akuluakulu. Za katalogi ya pakompyuta sindichulutsa gaga, mapepala ake ndabwera nawo.

Chimene chinandigwira mtima ndi zokambirana za tsiku lachiwiri, zosiyanitsa laibulale ya sukulu ndi ya anthu onse. Ine ndinkayesa kuti zimangosiyana malo. Ayi ndithu. Ya sukulu imayendera silabasi. Mabuku ake amasankhidwa poganizira mwana ndi mphunzitsi wake, ndipo sukulu ikatsekera, nayonso imatseka. Chikalata cha 1999 cha IFLA (bungwe la malaibulale la padziko lonse) ndi UNESCO (nthambi ya United Nations yoona za maphunziro) chimaitenga ngati gawo la maphunziro enieniwo. Ya anthu onse ili ndi chikalata chakechake, chimene UNESCO inatulutsa koyamba mu 1949, ndipo chinakonzedwanso komaliza mu 2022. Mfundo yake ndi yakuti aliyense alowe, posayang'ana msinkhu, chipembedzo, chilankhulo kapena kapezedwe kake, komanso asalipiritsidwe. Taganizirani agogo ofuna nyuzipepala, mnyamata amene anasiyira sukulu panjira koma akufuna kulemba kalata yofunsira ntchito, kapena mayi amene wangoyamba kumene kuphunzira kuwerenga. Anthu amenewa angalowe pageti la sukulu ana ali m'kalasi? Manyazi okha awabweza.

Apa m'pamene ndinakumbukira ganizo lathu lija losamutsira mabuku onse a laibulale yathu kusukulu poti kuli chipinda chabwino. Ndinafunsa ngati kuphatikiza n'kotheka. Anandiyankha kuti n'kotheka, ndipo anapereka chitsanzo cha madera akumidzi a ku South Australia, kumene laibulale imodzi imatumikira sukulu ndi anthu ozungulira. Koma pamafunika kugwirizana polemba: maola otsegulira, wolipira wogwira ntchito, ndiponso wotsegula nthawi ya tchuthi. Ife takambiranapo chimodzi mwa zimenezi? Makiyi a chipinda chathu chomwechi akutivuta. Kangapo konse ndapeza anthu atakhala panja chifukwa wosunga makiyi wachoka osasiyira mnzake, ndipo nditadandaula, nkhaniyo sinalembedwe n'komwe m'maminitsi. Makatoni a mabuku amene tinalandira aja mpaka lero sanatsegulidwe.

Pomaliza nthumwi zinagwirizana kuti malaibulale a mitundu iwiriyi azibwerekana mabuku. Ndinavomereza nawo, ngakhale ndikuona kuti pasowa kunena amene adzalipire buku likatayika. Kubwerekana ndikukufuna, koma kusamutsa ndikukana mpaka titaona mgwirizano wolembedwa.

Ndikupempha kuti nkhani ya makiyi ikhale yoyamba pa msonkhano wathu ukubwerawu. Komanso alawansi ya tsiku lachitatu sindinalandire, ndinagwiritsa ntchito ndalama za m'thumba mwanga.