Lipoti la ulendo wa ku Copenhagen: msonkhano wa za Kierkegaard

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga,

Ndabwerako, ndipo malisiti onse ali kwa msungichuma. Amene mumanong'ona kuti alawansi inachuluka, mudzakagule kapu imodzi ya khofi kumeneko, tidzakambirane mukabwera.

Tsiku loyamba linali la malonje ndi mapepala a galamala ya Chidanishi. Ndinangopirira. Chomwe chinandidzutsa ndi shelefu ya ku likulu lofufuza za Søren Kierkegaard, katswiri wa filosofi ndi zaumulungu wa ku Denmark, pa yunivesite ya Copenhagen: zolemba zake zonse pamodzi ndi ndemanga za akatswiri, mabuku 55, ntchito yomwe inatha mu 2013 atakwanitsa zaka 200 chibadwire. Ndi munthu yemwe uja amene mu 1846 nyuzipepala ya Corsaren inkamujambula atavala thalauza la mwendo wina wautali wina waufupi, ana n'kumamukuwiza mumsewu. Lero koleji ya St. Olaf ku Minnesota ili ndi laibulale ya iye yekha, yochokera m'mabuku a Howard ndi Edna Hong omwe anamumasulira m'Chingerezi. Ngakhale Karl Barth, katswiri wa zaumulungu amene timamuphunzitsa chaka ndi chaka, anatunga pachitsime chomwechi.

Chimodzi sindinagwirizane nacho. Ena oyankhula amamuwerenga Kierkegaard ngati katswiri wa nkhawa za munthu basi, Mulungu atamuika pambali. Wolemba za Abrahamu akusolola mpeni paphiri la Moriya mungamuchotsere Mulungu bwanji?

Masana ena ndinazemba n'kupita kumanda a Assistens, pomwe anaikidwa m'manda a banja lawo. Anamwalira pa 11 November 1855 ali ndi zaka 42, atakana kulandira Mgonero m'manja mwa m'busa, poti kwa iye abusa a mpingo wa boma anali antchito a mfumu. Nditaima pamenepo ndinakumbukira komiti yathu ya silabasi, yomwe chaka chatha inakana pempho langa lomuphunzitsa, ati ophunzira aziderera mpingo. Akuluakulu, funso lake linali loti kodi kulembedwa m'kaundula wa ubatizo n'kokwanira kuti munthu akhale Mkhristu. Ophunzira athu akalifunsidwa ndithu kumidzi, kaya tiwakonzekeretsa kaya ayi. Kalata yanga yodandaula ija mpaka lero sinayankhidwe.

Za tsiku lomaliza zinali zokonzekera chaka chamawa.

Ndikupempha kuti nkhani ya silabasi ilowe pa ajenda ya msonkhano ukubwerawu, isakankhidwirenso ku "zina ndi zina". Mabuku atatu omwe ndagula ndi ndalama za m'thumba mwanga akhala mu ofesi yanga mpaka denga la laibulale litasiya kudontha.