Kwa Mphatso ku Joni, za maphunziro a ubongo

Luwinga, Mzuzu

Wokondedwa Mphatso,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, alamu ndi kamwanako. Kuno tilipo, kungoti kuzizira kwa Mzuzu ukukudziwa kale, m'mawa nkhungu imachita kukwirira msewu wa ku Karonga.

Unandifunsa pa WhatsApp kuti za ubongozi ndidzadya nazo chiyani. Yankho lake silikadakwana pafoni.

Teremu ino pa Mzuni tafika pa ubongo ndi mitsempha, ndipo ine ndakodwa. Kanthu kosakwana kilogalamu imodzi ndi theka, koma kamadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse za thupi, ndipo muli ma neuron (maselo a ubongo otumiza mauthenga) pafupifupi 86 biliyoni. Kuloweza ndiye kowawa. Mitsempha 12 yochokera m'chigaza timachita kuyimba ngati ana a Sande sukulu, apo ayi pa mayeso udzangoluma cholembera.

Chimene chandigwira kwenikweni ndi malungo a mu ubongo. Mwana akakomoka nawo, achipatala amayeza zinthu zitatu: kodi maso akutsatira nkhope ya mayi ake, kodi akulira bwanji, ndiponso akumutsina akuchita chiyani. Amapatsa mapointi kuyambira 0 mpaka 5, ndipo akapeza 2 kapena kutsikirapo amadziwa kuti zavuta. Muyeso umenewu dzina lake ndi Blantyre Coma Scale, iwe! Anaukonza pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre pomwe, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo lero akuugwiritsa ntchito m'mayiko ambiri. Pa chipatala chomwecho anazindikiranso kuti ukaunika kuseri kwa diso la mwanayo, umaona zizindikiro zosonyeza kuti kukomokako ndi kwa malungodi osati matenda ena. Kenako makina a MRI ojambula m'kati mwa thupi atabwera, kafukufuku amene anatuluka mu 2015 anaonetsa kuti ana ambiri amamwalira chifukwa ubongo umatupa mpaka kupsinja gawo lolamulira kupuma. Ndiye amene amati maphunzirowa ndi a azungu okhaokha andiuze kuti Blantyre ili kuti.

Palinso khunyu. Ukukumbukira mmene tinkathawira kumudzi munthu akagwa, ati ukakhudza thovu lake utengera? Bodza lenileni. Ndi magetsi a mu ubongo amene asokonekera kwa kanthawi. Chofunika ndi kumuchotsa pafupi ndi moto kapena madzi, kumugoneka chammbali, osamuika supuni m'kamwa. Ena amadwala chifukwa cha malungo omwewa, ena anavulala pobadwa, enanso ndi mazira a njoka ya m'mimba yochokera ku nkhumba, amene amalowa kudzera m'zakudya kapena madzi okhudzana ndi chimbudzi n'kuswa timphutsi tokakhazikika mu ubongo. Bungwe la WHO limati odwala 7 mwa 10 aliwonse angathe kusiya kugwa atamamwa mankhwala oyenera. Koma kwathu achibale amayamba atha mbuzi kwa asing'anga, kufunafuna amene walodza. Zimandiwawa zimenezi.

Tsono za ndalama, sindikunamiza: digiri yoyambayi payokha siingandipange katswiri wa ubongo. Mwina ndiyamba ndi ntchito ya mu labu, kapena kuthandizira akafukufuku, kenako ndisake masitazi. Bambo akuti ndikadangotenga unamwino ntchito n'kupezeka msanga, ndipo sindiwatsutsa kwambiri, fizi amatuluka nayo thukuta ndi iwowo.

Apa ndiye pali pempho langa. Ukapeza mpata udutse pa yunivesite ya Wits undifunsire za masitazi ya neuroscience (maphunziro a ubongowa), zimene amafuna ndi mtengo wake kwa ife akunja. Ukaonanso buku lakale la neuroanatomy (kapangidwe ka ubongo ndi mitsempha) lotchipa, lokhala ndi zithunzi zooneka bwino, undigulire, upatsire aliyense wobwera pa basi. Ndalama ndipereka kwa mayi ako.

Undiperekere moni kwa alamu.

Ndine mnzako,
Tiyamike