Tilankhule ndi South Africa mawu amodzi

Akonzi,

Mu 1980 maiko 9 a kummwera kwa Africa adakhazikitsa bungwe la SADCC (lomwe pano ndi SADC) ku Lusaka pofuna kuchepetsa kudalira South Africa ya tsankho, boma lomwe linkathandiza Renamo ku Mozambique, lomwenso mu 1986 lidaukira Harare, Lusaka ndi Gaborone. Udaniwo udatha pamene South Africa idalowa SADC mu 1994, koma kudalira kuja kudakalipo. Katundu wambiri m'masitolo athu amachokera kumeneko, ndipo ana athu akamamenyedwa ku Durban, monga mu 2015, boma lililonse limadandaula palokha. Zimandiwawa kwambiri.

Dziko limodzi likalankhula lokha, boma la South Africa ku Pretoria silimvera. Malawi, Zambia ndi Mozambique alimbikitse njanji ya Nacala ndi doko la Beira, kenaka akakambirane nawo pamodzi za malonda ndi chitetezo cha nzika zathu.

Wowerenga wanu,
Mchinji