A Phungu athu, ufa wa chammwamba sutulutsa mtovu m'magazi

Olemekezeka a Phungu,

Ndinakulemberani kawiri, ku ofesi kwanu ndafikako katatu. Yankho ndi "mubwere mawa". Lero ndilankhulire pagulu.

Achimwene anga akhala zaka 9 akuswa mabatire akale a galimoto kuseri kwa nyumba, kusungunula mtovu m'chitini, utsi wake kumeza ndi ana omwe. Mapazi atayamba kutupa, munthu wina wogulitsa mankhwala azitsamba ku msika wa Soweto anawapatsa botolo la ufa wa chammwamba, nati umatsuka impso. Anathira m'phala m'mawa uliwonse chaka chathunthu, osapondako kuchipatala. Lero nsapato sizilowa, amayenda ndi patapata wodula zingwe, ndipo ndine ndimawakweza minibasi popita kumakina osefa magazi. Munthu amene ankanyamula batire la lole yekha!

Masamba sindikuwanyoza ayi, inenso ndinakulira bonongwe ndi malambe. N'zoona kuti muli ma antioxidant, zinthu zothandiza kuteteza maselo a m'thupi kuti asawonongeke. Mtovu ndi chitsulo china chapoizoni chotchedwa cadmium zimawononga timachubu ta impso, ndipo zinthu za m'zomerazi zimachepetsako kuwonongekako. Koma ofufuza ambiri anaona zimenezi pa makoswe. Mtovu ukakhazikika m'mafupa umakhalamo zaka makumi, supuni ya ufa singautulutse. Wodwala amafunika ayezedwe magazi, asiye kukhudzana ndi mtovuwo, ndipo ukakhala wochuluka apatsidwe mankhwala achipatala omwe amaukoka n'kuutulutsira mumkodzo. Ndani akuuza anthu a m'komboni zimenezi?

Zina mukuzidziwa. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma ana kumeneko akupezekabe ndi mtovu m'magazi. Mu February 2025 asidi wa ku migodi analowa mu Kafue, mtsinje umene Lusaka imamwa. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati palibe mlingo wa mtovu umene ndi wabwinobwino m'thupi.

Mu 2021 munaima pabwalo la sukulu mutavala chipewa, n'kulonjeza kuti kiliniki yathu izikhala ndi zoyezera zonse. Chaka chotsatira ndalama za CDF, zachitukuko cha dera la phungu, zinakwera kufika K25.7 miliyoni dera lililonse. Tinaomba m'manja, bwana, mwina mofulumira kwambiri.

Ndikupempha ndi ulemu wonse: gwiritsani ntchito ndalamazo kuti oswa mabatire ndi ana awo ayezedwe mtovu ndi impso kwaulere. Kenako mukafunse ku Nyumba ya Malamulo kuti amene amalemba "chotsuka impso" pabotolo chilolezo anachitenga kuti. Mwana wa achimwene wazaka 6 akusewerabe pomwe panali chitini chija.

Ine wanu,
Wovota wa m'dera lanu, Lusaka