Mwana akadwala maganizo, banja lisamasiyidwe panja pa chitseko

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa tsamba lanuli, nkhani yake ndi yaitaliko koma ndaisunga mumtima chaka chathunthu ndipo ndikudziwa kuti si ife tokha amene zatigwera. Ine ndine malume. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, mwana wa mchemwali wako akadwala kapena akapalamula foni yoyamba imalira ndi yako, nde italira usiku wina cha m'ma 10 koloko ndinangovala jekete nkuyamba kusaka kabaza.

Mwanayo anali ndi zaka 15, fomu 2, wofatsa, zake zinali mpira ndi masamu basi. Bambo ake atamwalira anayamba kusintha pang'onopang'ono. Kusagona, kuzungulira pabwalo usiku onse, kuseka yekha, kenako kumanena kuti aneba akumunena pa wailesi. Ife tinkangoti ndi maliro aja, zimuthera. Ena ankati ndi chamba. Agogo ake ankati alipo wachita zake chifukwa mwana amakhoza kwambiri mkalasi. Tinapita naye kumapemphero, tinapitanso kwa asing'anga, sindibisa ayi, mbuzi inapita. Usiku umenewo anatola njerwa nkuphwanya mawindo a aneba aja, anthu anamugwira, anamumenya, nkukamusiya kupolisi.

Anagona mu selo masiku awiri pamodzi ndi azibambo akuluakulu, mwana oti akumva mawu m'mutu mwake. Mayi ake anali panja ndi kambale ka nsima kulira, ine kuyenda kauntala iyi ndi iyo, aliyense kumangoti dikirani abwana abwere. Chomwe chimandiwawa mpaka lero nchoti patapita miyezi ndi pamene ndinadzamva kuti dziko lino lili ndi lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la mchaka cha 2010, lomwe limati mwana akagwidwa asasakanizidwe ndi akuluakulu, makolo kapena omuyang'anira adziwitsidwe msanga, ofisala wa probation wochokera ku sosholo abwere adzaone nkhani yake, ndipo ngati mlandu uli waung'ono utha kuthera kunja kwa khoti, kukambirana, kupepesa, kubweza zomwe zawonongeka. Lamulo lomwelo limati mwana asaponyedwe kundende. Kuli makhoti a ana, kulinso malo osinthira khalidwe ku Mpemba ku Blantyre ndi ku Chilwa ku Zomba. Mu 2017 aphungu anasinthanso malamulo aakulu a dziko kuti aliyense osafika zaka 18 ndi mwana. Zonsezi zinalipo kale usiku umene uja. Koma zinali m'mabuku a chingerezi m'maofesi, ife panja tinalibe otiuza, ndipo munthu sungapemphe chinthu chomwe sukudziwa kuti ndi chako.

Anatuluka chifukwa aneba omwewo anamva chisoni nkukathetsa mlandu, Mulungu awadalitse anthu amenewa. Wapolisi mmodzi wachizimayi ndi amene anandikokera pambali nkundinong'oneza kuti bambo, mwanayu si wakuba, mupite naye kuchipatala lero lomwe.

Kuchipatala anatilandira, anamubaya jakisoni, anagona tulo koyamba patatha sabata kaya ziwiri. Pamenepo ndikuthokoza. Koma mzere unali wautali, nesi wa matenda a maganizo mmodzi yekha, anthu mpaka pakhonde, nde zonse zinatha mu mphindi zochepa, analemba mu buku lake lachipatala, anatipatsa mapilisi nkuti mubwere mwezi wa mawa. Dzina la matendawo sanatiuze. Kuti amwa mpaka liti sanatiuze. Patatha masiku mwana anayamba kuuma khosi, malovu kumangotuluka, manja kunjenjemera, kuyenda ngati nkhalamba. Kunyumba kunali chipwirikiti, agogo ake akuti mwaona, ndimanena ine kuti za kuchipatala sizigwirizana ndi matenda a anthu, mayi ake nkutenga mapilisi aja nkukataya kuchimbudzi. Sindikuwanena, nanga mayi ndani angapitirize kumwetsa mwana wake chinthu chomwe akuona kuti chikumupha? Sipanathe mwezi matenda anabwerera, ulendo uno moyipa kuposa poyamba.

Amene anatipulumutsa sanali dokotala, sanali wa bungwe. Anali mayi wina wachikulire, gadiyani mnzathu, tinakhala naye benchi imodzi pa tsiku la kiliniki. Mwana wake wadwala zaka zambiri. Atamva nkhani yathu anati ayi achimwene, kuuma khosiko ndi mankhwalawo, zimachitika ndi anthu ambiri, mukawauze anesi pali kapilisi kena kotchedwa Artane kamene amaperekera limodzi kuti thupi limasuke, pena amangochepetsa mlingo. Anatiuza kuti mankhwala osasiyira panjira ngakhale aoneke kuti wachira, kuti ngati akuvuta kumwa mapilisi tikafunse za jakisoni wa pamwezi, kuti tizibwera mmamawa mankhwala asanathe ku famase, kuti akayamba kusagona masiku awiri atatu tisadikire tsiku lolembedwa m'buku. Anatiuzanso kuti tisamamumange zingwe, tizimulankhula mofatsa munthu mmodzi osati gulu lonse kumuunjirira. Titalowa tinafunsa anesi zonsezi ndipo anavomera kuti ndi zoona, anasintha mankhwala. Mphindi 20 za mayi uja pa benchi zinachita zomwe maofesi atatu sanachite miyezi inayi.

Nde funso langa a Mkonzi ndi ili, bwanji mayi ngati ameneyu tikumupeza mwamwayi? Bwanji sali ndi kampando kake pakhomo pa kiliniki, ataphunzitsidwa pang'ono, akulandira kangachepe ka sopo ndi thiransipoti, ntchito yake kulandira mabanja atsopano ndi kuyenda nawo?

Wina asati nzosatheka chifukwa dziko lomwe lino tinachitapo kale. Kumbukirani mmene zinalili ndi HIV. Anthu ankabisala, ankataya ma ARV, ankathamangira kwa asing'anga. Zinasintha pamene anthu omwe ali ndi kachilombo anayamba kuima okha kutsogolo, magulu a NAPHAM m'midzi, ma expert client m'zipatala omwe amakulandira nkukuuza kuti inenso ndimamwa, tandionani ndili bwino, amayi a mothers2mothers kulangiza amayi anzawo oyembekezera, ma Teen Club omwe anayamba ndi a Baylor ku Lilongwe kuti achinyamata azikumana okhaokha nkumalimbikitsana. Munthu akasowa ku kiliniki ankamulondola mpaka kunyumba pa njinga. Nzeru imeneyi tili nayo kale m'manja, anthu oidziwa alipo boma lililonse. Ku matenda a maganizo kuli bungwe la MeHUCA la odwala ndi owasamalira, koma ndi angati kumudzi amene analimvapo? Ine ndinalimva mwana atadwala kale chaka.

Tisanamizane, madokotala a matenda a maganizo mdziko muno ndi owerengeka. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa ndi cha ku Zomba chija, kwina ndi kwa a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. A yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi koleji ya St John of God akuphunzitsa anthu, koma sangakwane mawa lino. Munthu wa ku Nsanje, ku Mchinji kaya ku Chitipa amene akumusamalira tsiku ndi tsiku ndi mayi ake, agogo ake, mlongo wake wamng'ono amene wasiya sukulu kuti azimulondera. Wodi yeniyeni ya odwala maganizo ku Malawi kuno ndi pakhomo. Zaka zoposa 70 tinayendera lamulo la atsamunda la 1948 lomwe maso ake anali pa kutsekera odwala, ndipo maganizo amenewo anatilowerera, timaona ngati thandizo ndi galimoto kubwera kudzamutenga basi. Koma amabwerako, ndipo akabwerako amafikira m'manja mwa anthu omwe palibe anawaphunzitsa kalikonse.

Za ku sosholo nazo ndinene. Mchemwali wanga ali ndi ana ena atatu aang'ono, geni yake ya tomato inagwa chifukwa sakanatha kukhala pamsika uku mwana akuthawa kunyumba. Nditapita ku ofesi ndinapeza bambo waulemu kwambiri, mafayilo mpaka pansi, njinga yamoto ili panja yopanda mafuta. Anandiuza mosabisa kuti akufuna kubwera kudzaona banjalo koma alibe choyendera. Sindinawakwiyire, ndinawamvera chisoni, munthu mmodzi kusenza nkhani za nkhanza, maukwati a ana, ana a mumsewu, za kukhoti, zonse. Koma mkati mwa mavutowo anthu ena a zolinga zabwino anabwera nkuti awiri mwa ana ang'onowo tiwapereke kumalo osungira ana amasiye kuti mayi apumeko. Ana oti mayi wawo ali moyo, amawakonda, chomwe chasowa ndi ufa ndi mpamba wa geni basi. Ana ambiri amene ali m'malo amenewa ali ndi kholo kapena achibale, chinawapititsako ndi umphawi, ndipo boma lenilenilo lakhala likunena kuti mwana akulire m'banja. Nde ngati zili choncho ndalama zitsate mwana kubanjako. Banja lomwe likusamalira mwana wodwala maganizo liziganiziridwa pa Mtukula Pakhomo, chifukwa mayi amene akulondera wodwala usiku ndi usana ndi chimodzimodzi munthu amene sangathe kugwira ntchito. Ife tinakana, ana ali ndi mayi wawo, tinasonkherana pachibale. Koma si mabanja onse ali ndi osonkha.

Kusukulu anatiuza kuti makolo ena akuopa, adikire kaye. Mtsikana akachira pobereka pali ndondomeko yoti abwerere kusukulu ndipo ma mother group amamulondola, nzabwino kwambiri zimenezo. Nanga wodwala maganizo akapeza bwino ndani amamulondola? Anataya chaka chathunthu. Anzake omwe ankasewera naye mpira ankamuitana wamisala akamadutsa, ndipo iye akuti mawu amenewo ankamupweteka kuposa zibakera za usiku uja.

Apa ndafika pa chomwe chinandigwetsa misozi. Atapeza bwino tinakhala awiriwiri pa khonde madzulo ndikumufunsa mmene akumvera. Anati amalume, kupolisi ankafunsa inu, kuchipatala ankafunsa amayi, kutchalitchi ankafunsa agogo, ine ndili pomwepo, palibe anandifunsa kuti ukumva chani. Anati mawu aja anayamba kuwamva miyezi itatu tisanadziwe, ankafuna kuuza munthu koma ankaopa kuti timuseka kapena timumanga. Mwana wa zaka 15 si khanda, amadziwa mankhwala amene akumugonetsa mkalasi, amadziwa mphunzitsi amene angamuuze zakukhosi. Ifenso akuluakulu a m'banja tiphunzire kufunsa nkukhala chete kudikira yankho. Ndimaganizanso za ana a ku Chilobwe, ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu amene anaona makolo awo akukokoloka ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Analandira mabulangete ndi ufa, koma ndi angati amene anapeza munthu owamvetsera mpaka lero?

Kwa a unduna wa zaumoyo ndi a unduna woona za ana ndikupempha kuti pa kiliniki iliyonse ya matenda a maganizo pakhale gadiyani wozidziwa wolandira anzake, monga zilili ku kiliniki ya ma ARV. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi muno ndi sikelo awonjezeredwe maphunziro kuti azitha kuzindikira msanga ndi kuyendera mabanja oterewa. Pa khoma la polisi iliyonse, pafupi ndi ofesi ya Victim Support, pakhomedwe pepala la Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chisena, lonena zomwe kholo liyenera kufunsa mwana wake akagwidwa. Ndipo makomiti a m'maboma akamakambirana za ana, pakhale mpando wa kholo ndi wa wachinyamata amene anadutsamo, ayankhule okha, osati kungowaitana kudzaimba nyimbo pa tsiku la mwambo. Mafumu nawo atithandize, mawu a mfumu pa maliro amafika patali kuposa chikwangwani. Tinaona mmene Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsera maukwati a ana mazanamazana, mfumu ikati m'mudzi mwanga muno wodwala samangidwa ndipo satchedwa wamisala, anthu amva.

Inunso a nyuzipepala, nkhani za matendawa musamangozilemba munthu akadzipha kapena akavulaza wina. Tiuzeni m'Chichewa zizindikiro zake, masiku a kiliniki, komwe kuli thandizo. Manambala aulere alipo, 116 ya ana yomwe amayendetsa a YONECO, ndi ya Chipatala Cha Pa Foni, muziwasindikiza pa tsamba lino kawirikawiri, anthu amadula nkumata pakhoma.

Mwana wathu anabwerera kusukulu ina, akubwereza fomu 2, akumwa mankhwala, masamu aja ayambanso kumuyendera. Masiku ena amavuta, sitinganame. Tsiku la kiliniki ndimamuperekeza ndine, ndipo tikamaliza sindithamangira kukwera minibasi, ndimakhalako kaye pa benchi paja. Mwezi wathawu panabwera bambo wina ndi mtsikana wake atamumanga manja ndi chitenje, nkhope yake ngati yanga ya chaka chatha. Ndinasendera pafupi, ndinawapatsa moni, tinamasula chitenjecho limodzi.

Malume wokhudzidwa,
Chigawo chapakati