Mabuku ndi zisudzo ziyendere limodzi

A Mkonzi,

Makolo ambiri kuno ku Ntcheu amakwinya nkhope mwana akati akufuna kukaphunzira mabuku a Chingerezi pamodzi ndi zisudzo ku yunivesite, ati n'zamasewera. Tiloleni tiwongoleko.

Polowera mpofanana ndi ena onse: makirediti 6 pa MSCE, Chingerezi chikhalepo, kenaka kufunsira malo kudzera ku NCHE, bungwe la boma loona za maphunziro a ukachenjede. Ku University of Malawi, ku Zomba, digiri imatenga zaka 4.

Phindu lake lili apa. Sewero la Shakespeare analilembera pabwalo, osati pa desiki. Mzere umene wophunzira waumvetsa molakwika m'kalasi umaululika akangoima kuti aunene: sadziwa popumira, manja asowa pokhala, liwu silifika kubenchi lakumbuyo. Abwerere ku buku basi. Nayenso wodziwa kusanthula ndakatulo sanena mawu ngati akuwerenga chidziwitso cha maliro.

Chimene chimagwetsa ana ndi nthawi. Kuyeserera sewero kumadya madzulo ndi Loweruka lomwe, pamene novelo ikudikira ndipo nkhani yolemba ikufunika Lolemba. Ochenjera amawerengeratu mabuku aatali teremu isanatenthe. Chinanso, sewero ndi ntchito ya gulu. Mmodzi akajomba, chigawo chonse chaima. Ndipo musaganize kuti onse amakhala kutsogolo: wina asamale magetsi, wina zovala, wina alembe poimira aliyense.

Asukulu za sekondale, musaphe makalabu a zisudzo pofuna nthawi ya "maphunziro enieni". Ngakhale pansi pa mtengo wa mango sewero limatheka.

Aphunzitsi a Chingerezi,
Ntcheu